Adalaiva Amene Sanayendetsepo Galimoto

Ana inu, tsitsani mawu, agogo anu aamuna angogona kumene. Ndipo iwe Yamikani, mbatatesi sasenda choncho, theka lonse ukulitaya ndi makoko. Mpeni uziugoneka.

Mwandifunsa kawiri tsopano chifukwa chimene anthu a pa Boma pano amatchulira agogo anu kuti Adalaiva, chikhalirecho simunawaonepo atagwira chiwongolero. Simunalakwe kudabwa. Munthu uja sanayendetsepo galimoto chibadwire. Moyo wake wonse wakhala akumata machubu ndi kuwongola masipoko a njinga pansi pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa msika. Dzinali linachokera m'filimu, ndipo langa lija la Anabakha, limene mumaseka mukalimva, linachokeranso momwemo. Tamanda akuidziwa nkhaniyi chifukwa mwezi watha anali pakati pake. Inu a ku Blantyre munali kusukulu, ndiye mvetserani, manja akugwira ntchito.

Ndili mtsikana kwathu ku Biriwiri, ndinkatsika ndi mbatatesi Loweruka lililonse kudzagulitsa pa msika uno. Kabaza kunalibe nthawi imeneyo. Ukapeza lole ya matola unkathokoza Mulungu, ikasowa ndiye nkhata pamutu, dengu pamwamba, ulendo wa pansi. Inu mukayenda kuchoka pano kufika pa depoti mumati miyendo yatupa.

Chaka china bambo wina wa golosale, a Kachiwala, anatsegula vidiyo m'chipinda cha kuseri kwa sitolo yawo. Mawindo anatseka ndi masaka, mkati anaikamo mabenchi a matabwa osapala, kunja jenereta ikulira ngati chigayo. Makaseti awo ambiri anali a nkhondo ndi a karate, koma panali ina imene anagula kwa woyendetsa thiraki wodutsa pa malire. Pepala la dzina lake linali litamatuka, ndiye tinkangoitcha kuti ya Basi. Ankaionetsa Loweruka masana, msika ukamaphwa.

Nkhani yake inali yosavuta. Gulu la anthu osadziwana lakwera basi yakutha kupita ku ukwati, achedwa kale, ndipo chilichonse chikuwasokonekera. Vuto linali chilankhulo. Palibe ankachimva. Anaitana mphunzitsi wa Chingerezi wa ku sekondale, anatchera khutu, n'kupukusa mutu. Anzathu a ku Mozambiki, amene anali ambiri kuno pothawa nkhondo, anati si Chipwitikizi. Ndiye tinapanga zathu. Aliyense wobwerabwera anatenga munthu wake m'filimumo, ndipo munthuyo akatsegula pakamwa, mwini wake ndiye ankamuikira mawu mokweza. Lamulo linali limodzi: usalankhulire munthu wa mnzako. Mwini wake akatuluka kukataya madzi, munthu wakeyo ankangoyasama ngati nsomba mpaka abwere. Ma DJ anu omasulira mafilimu a masiku anowa asamadzitame, ife tinayamba kale, ndipo ife tinkapatsana mpata.

Agogo anu, amene nthawi imeneyo ankadziwika kuti Sitifano wa njinga, anatenga dalaivala. Dalaivalayo anali kamwamuna kakafupi ka magalasi aakulu, ndipo poyambirira penipeni wokwera wina amawakhalira magalasiwo, ndiye ulendo wonse amayendetsa mongoyerekeza. A Dikisoni, atelala aja amene amakupatsani maswiti, anatenga mwamuna wamtali wa lipenga amene amaliza lipengalo akachita mantha. Malemu a Gelesomu ogulitsa nyama anatenga mbusa wogona pa mpando wa kumbuyo. Ntchito yawo inali kuliza mkonono basi, ndipo ankaigwira bwino chifukwa nthawi zambiri ankagonadi.

Ine ndinalowamo pothawa mvula. Munali mayi wina wonenepa wonyamula bakha m'dengu, ndipo analibe mwini chifukwa akazi sitinkalowa m'vidiyo. Kondakitala atafuna kumulanda bakhayo, mayiyo anamukwapula ndi ambulera, ine mawu anangotuluka okha: "Ugwirenso bakha wanga uone!" Chipinda chonse chinaphulika. Kuyambira tsiku limenelo mayiyo anakhala wanga, ngakhale ine ndinali woonda ngati bango. Mayi anga atamva anabwera okha kudzandikoka khutu. Anaima pakhomo, anaona dalaivala akupereka sawatcha kwa mtengo poyesa wapolisi, anakhala pa benchi, ndipo sanatuluke mpaka kaseti itatha.

Tinaiona filimu imeneyi kosawerengeka, mpaka tinayamba kuona zimene eni ake sanafune kuti tione. Bakha uja sanali mmodzi. Poyamba ali ndi banga lakuda pakhosi, pa msika wa m'filimumo ndi woyera yense, pofika ku phiri wanenepa. Ine ndinatulukira zimenezo, ndipo mpaka lero ndimanyadira. Chipewa cha dalaivala chimauluka n'kugwera m'matope, koma basi ikangokhota chili pamutu choyera bwinobwino. Pali mwamuna wina wa ndevu amene amaoneka m'tauni iliyonse: uku akugulitsa buledi, uko ndi wometa tsitsi, kwina wanyamula bokosi la maliro. A Dikisoni ankati ameneyo ndi mlamu wa mwini filimu, ulova unamukwana. Windo losweka limayamba lili kumanzere n'kusamukira kumanja. Ndipo pamene wapolisi wina wa njinga amagwera m'khola la nkhumba, mukayang'anitsitsa mbusa wogona uja, mapewa ake akugwedezeka. Akuseka. Anthu aja ankakondana, zinkaoneka. Palibe ankafuna kuphimba mnzake, aliyense ankaseketsa pa nthawi yake n'kusiyira wina.

Mlendo akafuna kukhala pa benchi ya kutsogolo tinkamuyesa kaye. Abakha alipo angati? Wa ndevu amaoneka koyamba akuchita chiyani? Ambulera imathyokera pamutu pa ndani? Akalephera, kumbuyo, pafupi ndi utsi wa jenereta. Tinabwezapo ngakhale sing'anga wa kuchipatala.

Koma kasetiyo inali ndi chilema. Kumapeto basi imafika pa mlatho wa matabwa, mtsinje utadzaza. Thabwa limathyoka, tayala la kutsogolo lili lende m'malere, wa lipenga akuliza, aliyense akukuwa. Pomwepo chithunzi chinkasanduka mchenga, kenako kunkatulukira mayi wina wachizungu akuphunzitsa kuphika nsomba. Wina anajambulirapo zake. Nthawi iliyonse tinkakuwa ngati n'koyamba, ndipo mayi wa nsombayo tinamutukwana zaka zambiri, iye wosalakwa.

Tsiku lina Sitifano anapita ku Limbe kukagula zipangizo za njinga. Loweruka lotsatira, mchenga utangoyamba, anaimirira kutsogolo n'kunena kuti, "Anthuni, khalani pansi. Ine mathero ndawaona ku Limbe."

Ngakhale a Gelesomu anadzuka.

Anafotokoza mmene bakha anathawira m'dengu n'kuthamangira kumbuyo kwa basi, anthu onse n'kumuthamangitsa, kulemera kwawo n'kubweza tayala pa mlatho. Anati basi inakanirira pomwepo, ndiye dalaivala anavula nsapato n'kuyamba kuwolotsa anthu mmodzimmodzi pamsana. Mbusa anawoloka osadzuka. Wa lipenga anamugwetsa dala m'madzi. Womaliza anali mayi wa bakha.

"Atafika pakati pa mtsinje," anatero Sitifano, "dalaivala anaima n'kunena kuti: Mayi, bakha ameneyu wavutika nawo maulendo. Akufunika khola. Kwathu malo alipo."

Analekera pomwepo. Anthu anafunsa kuti nanga mayiyo anati chiyani.

"Lamulo mukulidziwa," anatero. "Sindingalankhulire munthu wa mnzanga. Mwini wake ali pomwepa."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana kudenga, kenako ndinati, "Ndiyambe ndaliona kholalo."

Mvula isanagwe ankhoswe anali atakumana. Khola lake ndi nyumba ino, kungoti nthawi imeneyo inali ya udzu.

Munthu mmodzi yekha sanaombe m'manja tsiku limenelo. A Dikisoni anaimirira n'kunena kuti, "Bodza! Kamunthu kakafupi kaja kangabereke mayi uja? Ndipo ine kundigwetsa m'madzi chifukwa chiyani? Dzina la vidiyo ya ku Limbeyo ndi chiyani?" Agogo anu anayankha kuti maina sasunga, amasunga nkhani. Anthu ankanong'ona kuti a Dikisoni nawonso anali ndi mawu amene ankafuna kundiuza, koma anachedwa nawo posoka malaya oti adzavale ponena. Sindinawafunsepo.

Mkangano umenewo unakhala moyo wawo. Kaseti inadzadyedwa ndi makina, a Kachiwala anatseka vidiyo n'kuyamba kugulitsa feteleza, koma Loweruka masana gulu lonse linkasonkhanabe pansi pa bulugamu. Tinkaisewera filimu yonse pamtima, aliyense mawu ake, ine mwana kumbuyo. Tikafika pa mlatho agogo anu ankaimirira, sipanala m'manja, kunena mathero, a Dikisoni akukuwa kuti bodza, kenako onse ankapita kukamwa tiyi limodzi. Tinadutsa zaka za njala tikuchita zimenezi. Tinaika a Gelesomu m'manda, ndipo Loweruka lotsatira titafika poti mbusa alize mkonono, panangoti zii. Palibe anawalankhulira munthu wawo. Tinadikira pang'ono n'kupitiriza.

Ine ndinkakhulupirira mathero aja ndi mtima wonse. Ndinatsala pang'ono kumenyana ndi mayi wina pa mjigo chifukwa chonena kuti amuna anga ndi opeka nkhani.

Ndiye Tamanda anabadwa. Ndinapita ku Lilongwe kukathandiza mayi ake. Tsiku lina masana onse atapita kuntchito, ndikumuyendetsa mwanayu pabalaza kuti agone, pa tivi panatulukira basi yanga. Ndinakhala pansi osadziwa kuti ndakhala. Ndinalankhula mawu anga onse ndekhandekha. Inafika pa mlatho, thabwa linathyoka, ndipo mayi wa nsomba sanabwere.

Basi ija imagwera m'madzi. Anthu amatuluka pa mawindo n'kusambira. Dalaivala sabereka munthu aliyense, wapolisi wa njinga amamumanga n'kumukweza pa kaliyala. Ndipo ku ukwati kuja mkwati ndi mkwatibwi akuti athawa, ndiye poti chakudya chisawonongeke, mbusa amadzuka n'kukwatitsa mayi wa bakha ndi mwamuna wa lipenga.

Poyamba ndinapsa mtima, ndikuuzeni zoona. Ndinati munthu uyu wandipusitsa pamaso pa Boma lonse. Kenako ndinamuona m'maganizo Sitifano, wamanyazi uja, amene ankalephera ngakhale kufunsa mtengo wa mbatatesi zanga, ali m'basi yochokera ku Limbe, matayala a njinga pamiyendo, akuluka nkhani yonse ija kuti apeze polowera. Ndinaseka mpaka mwana anadzuka, kenako ndinalira. Nditabwerera kuno sindinauze munthu. Loweruka lotsatira ndinanena mawu anga monga mwa masiku onse.

Mukudziwa zimene zinachitika chaka chatha. Sitiroko inawagwira agogo anu ali pa ntchito, pampu ili m'manja. Dzanja lamanja linafooka, lilime linalemera. Achipatala anati mawu angathe kubwerera ngati akuyesetsa kulankhula, koma iwo anachita manyazi. Munthu amene ankaimitsa msika ndi pakamwa pake sanafune kuti anthu amumve akukoka mawu. Anayamba kuloza ndi chala. Madzi, chala. Bulangeti, chala. A Dikisoni akabwera, ankatembenukira kukhoma. Loweruka linasanduka tsiku wamba. Zimene zija zinandiwawa kuposa matendawo.

Tamanda atabwera kudzationa anafuna kuwasangalatsa. Anangolemba m'foni mwake za basi, bakha ndi lipenga, filimu ija n'kutulukira yonse, ndi dzina lake lomwe, limene lilime langa likukana. Mwanayu ndi wachangu ngati mayi ake. Asanandiuze ine, anali atadutsa kale pa khonde la a Dikisoni.

"Agogo, ndawaitana a Dikisoni Loweruka," anatero akuvina. "Ndawauza kuti mathero apezeka. Akaona kuti agogo aamuna ankanena zoona, makani awo athera pomwepo!"

"Iwe waionera mpaka kumapeto?"

"Ayi, ndikufuna tidzaonere limodzi."

Ndinamukokera kuseri kwa bafa n'kumuuza zonse zimene ndakuuzanizi. Anagwira pakamwa. Ndinati, "Agogo ako atsala ndi chinthu chimodzi chimene anthu amawadziwira. Njinga zapita, mawu apita. Ukawalanda mathero aja pamaso pa a Dikisoni, sadzatsegulanso pakamwa mpaka kumanda."

"Ndiye ndikawauze kuti asabwere?"

"Ukatero adziwa kuti tikubisa kanthu. Abwere. Basi ikafika pa mlatho, uzimitse. Unene kuti batire latha."

Loweruka a Dikisoni anafika atavala jekete ndi tayi ngati akupita kukhoti. Anabweranso amayi awiri ndi abambo ena amene anatsala pa gulu lathu lija. Agogo anu tinawakhazika pa mpando wawo pakhonde pano. Nditawauza kuti ya Basi yapezeka yonse, nkhope yawo inagwa. Anandiyang'ana ngati mwana amene wagwidwa ndi dzanja m'shuga. Ndinangowakonzera kolala.

Tamanda anatsamiritsa foni pa chitini. Kachithunzi kake n'kochepa ngati bokosi la machesi, koma ife sitinkafunika kuona bwino. Nyimbo itangoyamba, aliyense analowa mwa munthu wake. Ine ndinakwapula kondakitala, a Dikisoni analiza lipenga ndi milomo. Dalaivala yekha ndiye ankangoyasama. Palibe anamulankhulira.

Inafika pa mlatho. Thabwa linathyoka. Tamanda anatola foni mwachangu n'kunena kuti, "Ayi ine, batire latha!" Mwanayu kunama satha.

A Dikisoni anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa pawabanki yotchajira foni ndi chingwe chake. "Ndinadziwa ine," anatero. "Ndabwereka kwa mdzukulu wanga."

Tamanda anandiyang'ana. A Dikisoni anagwira kachipangizoko m'mwamba, n'kutembenukira kwa agogo anu. Anawayang'ana nthawi yaitali. Agogo anu maso anali pansi, dzanja lawo labwino litagwira bondo. Kenako a Dikisoni anakatembenuza kachipangizo kaja, anakagogoda pa chikhatho, n'kukabwezera m'thumba.

"Nakonso kafa. Zinthu za ana a masiku ano!" anatero. "Chabwino. Inu Adalaiva, tabwerezani bodza lanu lija timve. Kapena mwaliiwala? Bodza silichedwa kuiwalika."

Ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba. Ndiye agogo anu anadzutsa mutu.

"Si... bodza."

"Ndi bodza! Kamunthu kakafupi kaja?"

"Ba... bakha... anathawa."

Anayamba choncho. Mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati munthu akukoka ndowa m'chitsime chakuya. Ena ankakanirira pakhosi, ndipo a Dikisoni akaona kuti akufuna kusiya, ankaponya chipongwe china, iwo n'kupsa mtima n'kupitiriza. Anawolotsa mbusa. Atafika pogwetsa wa lipenga m'madzi anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Thukuta linali kamukamu. Kenako anafika pakati pa mtsinje.

"Mayi... bakha ameneyu... akufunika khola."

Anandiyang'ana. Lamulo ndi lamulo, panalibe wondinenera.

"Ndiyambe ndaliona kholalo," ndinatero.

Powaperekeza a Dikisoni mpaka pa msewu, ndinawathokoza. Anandidula. "Anabakha, musandithokoze. Ine filimuyo ndinaiona kalekale ku Balaka, ana anu asanayambe sukulu. Ndikudziwa amene amakwatira mayi wa bakha."

"Ndiye bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Ndikananena, Loweruka tikanamachita chiyani?" Anakonza tayi yawo. "Komanso mathero a Adalaiva aja ndi abwino kuposa enieniwo. Musakawauze kuti ndatero."

Kuyambira tsiku limenelo a Dikisoni amabwera Loweruka lililonse kudzakangana, ndipo mwamva nokha dzulo agogo anu akukalipira Yamikani pa nkhani ya pampu. Mawu akubwerera, chipongwe ndiye chinabwerera msanga. Tsono inu, mukafuna kuionera filimuyo m'mafoni mwanu, kaonereni ku Blantyre, muwerenge abakha, mumupeze wa ndevu. Koma pakhomo pano imathera pa mlatho. Mwamva?

Chatsala chimodzi, chimene ngakhale Tamanda sakuchidziwa. Tsiku lija alendo atapita, ndikulowetsa mipando dzuwa likupendeka, agogo anu anandikoka chitenje. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali mwana pafupi.

"Ku Limbe... sindinalowe... m'vidiyo."

"Ndikudziwa," ndinatero.

Anasisita bondo. Pomwepo m'pamene ndinazindikira kuti ine ndinaiona, a Dikisoni anaiona, mwina ndi enanso a gulu lathu, koma mwini mathero yekha ndiye sanawaonepo. Zaka zonsezi nayenso wakhala ali pa mlatho paja.

"Nanga... zinatha bwanji?" anafunsa.

Ndinanyamula mpando womaliza n'kuwauza kuti, "Zinatha mmene munanenera. Si ine ndili pano?"